Dontho la Oyilo Pansi pa Njinga ya Madrasa

 Nkhani imene ndabwera nayo m'kope lino ndi ya njinga yamoto. Mwina ena mudabwa kuti mwalimu wa madrasa akudziwapo chiyani za injini. Kunena zoona, kufikira chaka cha 2024 sindinkadziwapo kanthu. Zimene ndikudziwa lerozi ndinaziphunzira nditagwetsa mwana wanga pamsewu, ndipo sindikufuna kuti wina mwa inu adzaziphunzire mwa njira yomweyo.

Ine ndine mwana wa kunyanja ngati inu nomwe. Ndinabadwira ku Nkhotakota ndipo ndinakula ndikukapa madzi m'boti la malemu bambo anga. Nditamaliza maphunziro ku koleji ya Chisilamu ananditumiza kuno ku Kasungu, dziko la fodya, kumene munthu ungayende tsiku lonse osaona madzi aakulu koma zigafa ndi minda yokhayokha. Mabanja ambiri amene ndimaphunzitsa ana awo ndi ochokera ku Mangochi, ku Machinga ndi kwathu ku Nkhotakota, amene anabwera kudzagwira ntchito m'maesiteti. Ena anabwera ngati matenanti, ndipo ngakhale Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, ambiri anakhazikika konkuno. Nyumba zawo n'zomwazikana kwambiri, kotero ine ndimaphunzitsa malo atatu m'midzi ya pakati pa Mtunthama, Wimbe ndi Chamama.

Zaka zoyambirira ndinkapalasa njinga yakapalasa, ndipo nthawi ya dzinja ana ankandidikira mpaka kubalalika. Mu 2022, atagulitsa fodya wawo ku msika wa Chinkhoma, makolo anasonkherana ndi kugula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, ya injini ya 150cc. Tsiku lopereka makiyi, wapampando wa komiti ananena mawu awiri okha: njingayi ndi ya ana, ndipo isanyamule katundu wa malonda. Ine ndinavomera pamaso pa onse.

M'mwezi wa Febuluwale 2024, mayi a kunyumba akusesa pakhonde m'mawa anandiitana. "Bambo, njinga yanuyi yayamba kukodza pogona." Nditayang'ana ndinaona kadontho kakuda, kakukula ngati ndalama yachitsulo. Ndinaseka n'kukafotsera ndi dothi. M'mawa mwake kanaliponso. Patatha sabata, madontho anali atatu.

Apa ndiyenera kuulula chimene chinanditseka pakamwa. Masiku angapo m'mbuyo mwake, mnansi wanga wina anandipempha kuti ndimuthandize kututa fodya wake wa bale kuchoka kumunda kupita kuchigafa chifukwa mvula inali itatsendera. Ndinayenda maulendo asanu ndi limodzi, mitolo itamangidwa ndi zingwe kumbuyo. Sindinalandire ndalama, koma lamulo la komiti ndinali nditaliphwanya. Tsono nditaona oyilo akudontha, mtima unandiuza kuti ndathyola china chake ndi katunduyo, ndipo ndikanena adzafunsa chimene ndinanyamula. Ndinasankha kukhala chete n'kumathiramo oyilo wina mwakabisira. Inu mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Botolo lililonse la oyilo linkachokera pa ndalama ya ndiwo ya banja langa.

Pofuna kuthana nalo ndekha vutoli, ndinalakwitsa kawiri. Koyamba ndinagwada n'kuona kuti dontho likulendewera pa bawuti ya pansi, yotulutsira oyilo wakutha. Ndinabwereka sipanala n'kuimanga ndi mphamvu zanga zonse. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ndinatsala pang'ono kudula mazinga, pakuti thupi la injini ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa kuposa bawutiyo. Kachiwiri ndinapita kwa mnyamata wina wokonza njinga pansi pa mtengo pamsika wina. Iye sanagwade n'komwe. Anangoyang'ana injini yakuda biii ndi fumbi losakanikirana ndi oyilo n'kunena kuti gasiketi ya hedi yapsa, pafunika kumasula injini yonse. Mtengo umene anatchula unaposa malipiro anga a mwezi. Nditadandaula, anapaka gamu wa silikoni kuzungulira pamene zitsulo zakumana n'kundiuza kuti ndiyendeko kaye. Madontho sanasiye.

Mwezi wa Ramadhani chaka chimenecho unagwa mu Malichi ndi Epulo. Loweruka lina masana ndinanyamula mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu kuti tikagule zofuturu. Titalowa m'msewu wa tala wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, pamalo pena pokhotera kumanzere, mbuzi zinadumphira mumsewu. Ndinaponda buleki pang'ono chabe, liwiro silinali lalikulu, koma tayala la kumbuyo linatereka ngati ndaponda mlamba. Tinagwa tonse awiri. Ine ndinali ndi chipewa choteteza mutu, mwanayo analibe. Alhamdulillah, mutu wake sunagunde pansi. Anasupuka chigongono ndi bondo. Kumbuyo kwathu kunalibe galimoto. Ndimati ndikaganiza za malole a fodya amene amadutsa msewu umenewu, mpaka lero thupi limachita tsembwe.

Nditadzutsa njinga ndinagwira tayala lija. Mbali yake ya kumanzere inali noninoni ndi oyilo.

Mayi a kunyumba sanakalipe. Anatsuka mabala a mwana ndi madzi a mchere, ndipo titafuturu anangoti, "Bambo, ndalama ya ndiwo ndinakhala chete. Koma pa mwanayu sindikhala chete. Mukapanda kukanena kwa akomiti, ndikanena ndine." Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Usiku womwewo, titatha Taraweh, ndinawakokera pambali awapampando n'kuwafotokozera zonse, za fodya zomwe.

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Amwalimu, za fodyazo tidzakamba pa komiti. Koma mwayenda mwezi wathunthu pa njinga yodwala osatiuza eni ake? Ikananoka injini mukanatiuza chiyani?" Ananditumiza kwa bambo wina wachikulire ku Kasungu boma amene anagwira ntchito zaka zambiri yokonza njinga ndi mathirakitala a m'maesiteti. Njingayo tinaikweza pa kagalimoto ka mbale wina, pakuti anandiletsa kuikweranso.

Madala aja nditawauza kuti gasiketi ya hedi yapsa anandifunsa kuti, "Wakuuzani ndani?" Nditawayankha anapukusa mutu. "Amwalimu, mwana akabwera kwa inu akulira, thupi lonse lili matope, mungadziwe bwanji pamene pali bala? Mumayamba mwamusambitsa." Anandipatsa beseni, kabulashi, palafini ndi sopo waufa, nati nditsuke ndekha. Anandichenjeza kuti injini imatsukidwa itazizira, ndipo osatsukira petulo, makamaka kuno kumene zigafa za udzu zodzaza fodya wouma zili paliponse. Ndinakhula kwa ola lathunthu, pakati pa zipsepse za injini, pansi, ndi kumbuyo kwa mapaipi. Gamu uja anamatuka yense ngati chikamba cha nsima. Titatsukuluza ndi madzi tinaisiya padzuwa mpaka inauma gwaa.

Podikira kuti iume, anandiphunzitsa chifukwa chake dontho si chinthu chochepa pa njinga zoterezi. Injini zambiri zing'onozing'ono zimene zadzaza m'misewu yathu anazipanga motsanzira ya Honda CG125, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1970 ndipo anaikonzera dala maiko a misewu ya fumbi kumene anthu sasintha oyilo pafupipafupi. Ndi injini zopirira, koma zimalowa oyilo wochepa, pafupifupi lita imodzi yokha. Oyilo yemweyo ndiye amafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi, ndiponso amathandiza kuchotsa kutentha, popeza injiniyi ilibe madzi oiziziritsa koma mphepo basi. Ukataya kapu imodzi ya tiyi, ndiye kuti wataya gawo limodzi mwa magawo anayi a moyo wa injini. Oyilo akachepa kwambiri, zitsulo zimakhulana zouma, pisitoni imatentha n'kukanirira, ndipo ndi pamene timati injini yanoka.

Itauma anandifunsa ngati ndinali ndi choko m'chikwama. Mwalimu sasowa choko. Anandiuza kuti ndipere zidutswa zingapo pamwala, ndipo ufa wakewo tinauwaza pa injini yonse mpaka inayera mbuu. Anati ufa wa chimanga kapena paudala wa ana amagwiranso ntchito yomweyo. Kenaka anayeza oyilo njinga itaima chilili pamalo osapendekeka, anawonjezera mpaka pa mzere wa pamwamba, naliza injini n'kuyenda nayo pang'onopang'ono kuzungulira bwalo kwa mphindi khumi.

Pamene ankazungulira, ine ndinakumbukira bambo anga. Boti likayamba kulowa madzi, iwo sankamata pamene madzi adikha, chifukwa madzi amadikha pamalo otsika ngakhale alowere kutsogolo. Ankalikokera kumtunda, kuliumitsa, kuthira madzi m'kati n'kumayang'ana kunja pamene thabwa layamba kunyowa. Ndinachita manyazi kuti nzeru imene ndinaiona ndili mwana ndinalephera kuigwiritsa ntchito pa injini.

Lamulo la madala aja linali lomwelo. Oyilo amatsika pansi, ndipo njinga ikamayenda mphepo imamukankhira kumbuyo. Choncho pamene dontho likugwera si pamene patuluka oyilo. Uyenera kulondola mzere wonyowa kukwera m'mwamba ndi kupita kutsogolo mpaka pamene wayambira. Anandionetsa malo amene amakonda kuchucha, kuyambira pamwamba: kava ya mavavu, pamene pali labala kapena gasiketi yopyapyala; pakati pa hedi ndi silinda; patsinde pa silinda; kava ya kilatchi kudzanja lamanja; siilu ya pa shafiti ya kiki; siilu ya pa shafiti yosinthira magiya; siilu ya kumbuyo kwa sipuloketi yaing'ono imene imakoka tcheni; ndipo pansi penipeni, washala ya bawuti yotulutsira oyilo. Anati munthu ayambenso watsimikiza kuti chikudonthacho ndi oyilo wa injini, chifukwa mafuta opaka tcheni akachuluka amadonthanso, mashoko a kutsogolo amachucha awoawo, ndipo petulo amadziwika ndi fungo komanso amauma msanga. Kuika katoni yoyera pansi pa njinga usiku kumathandiza kuona mtundu wa dontho ndi mbali imene likugwera.

Atabwerera tinagwada tonse awiri. Hedi inali yoyera. Silinda inali yoyera. Mbali ya kilatchi inali yoyera. Koma kumanzere, kuchokera kunsi kwa kava ya sipuloketi, kamzere kakuda kanali katadula choko n'kutsetsereka pansi pa injini mpaka kukalendewera pa bawuti ija ndinaimanga mwankhanza. Bawutiyo inalibe mlandu, gasiketi ya hedi inalibenso mlandu.

Anachotsa chopondera magiya ndi kava ija, anamasula tayala la kumbuyo kuti tcheni chikhwefuke, anamasula timabawuti tiwiri togwira kachitsulo kotsekera, natulutsa sipuloketi. Kenaka anatenga kawaya n'kuyamba kukoka china chake chimene chinakulungika pa shafiti. Chinatuluka chingwe, chakuda ndi oyilo, chotalika kuposa mkono wanga. Chinali chingwe chomangira fodya. Chinakodwa m'tcheni, chinakulungika kumbuyo kwa sipuloketi, ndipo pozungulira chinadya mlomo wa labala wa siilu mpaka kuung'amba. Oyilo ankatulukira pamenepo n'kugwera pa tcheni, tcheni n'kumamuwaza pa tayala.

Madala aja anachikweza m'mwamba nati, "Amwalimu, mumaphunzitsa ana kapena mumasoka fodya?" Ndinawauza zoona. Iwo anaseka nati chingwe chotere munthu ungachitole paliponse m'njira za kuno nyengo yothyola fodya, ngakhale udzu wautali ndi mapepala a pulasitiki amachita zomwezo. Koma ine mumtima ndinkadziwa kumene chinachokera.

Kusintha siilu sikunatenge theka la ola, koma kunafuna kudekha. Anaitokosa yakaleyo mosamala kuti asakande shafiti kapena chisa chake cha aluminiyamu, chifukwa pokandika oyilo amapezanso njira. Anagwedeza shafiti kuti amve ngati bering'i yatha. Anati shafiti ikamagwedera, siilu yatsopano sikhalitsa. Yathu inali yolimba. Anandionetsa manambala atatu olembedwa pa siiluyo, osonyeza kukula kwa bowo la m'kati, kukula kwa kunja ndi kuchindikala kwake m'mamilimita, nanditumiza kusitolo nditatenga yakaleyo m'manja kuti ndikafananitse. Yatsopanoyo anaipaka oyilo pamlomo, anakulunga tepi pa mano a shafiti kuti asaicheke polowa, anailozetsa mbali ya kasipiling'i m'kati mwa injini, naikhomera pang'onopang'ono ndi sipanala ya soketi yolingana nayo kukula mpaka inakhala mofanana mbali zonse.

Ine ndinaganiza kuti tatha, koma iwo anati tisanatseke tifunse ngati pali china chimene chinathandizira. Anazula kapaipi ka labala kochokera pamwamba pa thupi la injini, kamene amati ndi kopumira, nandiuza kuti ndiuziremo. Mpweya unkadutsa movutikira. Kunsonga kwake kunali kutatsekeka ndi matope a m'dambo. Anafotokoza kuti pisitoni ikamakwera ndi kutsika, komanso utsi pang'ono ukamadutsa m'mbali mwake, m'mimba mwa injini mumadzaza mpweya. Kapaipi kameneka kakatsekeka, mpweyawo umakankha oyilo kuti atulukire paliponse pofooka. Kuthira oyilo wopitirira mzere kumachitanso chimodzimodzi, ndipo ine pothira mwamantha muja ndinkapyoza mzere kawirikawiri. Anapezanso kuti tcheni chinali chokungika kwambiri, zimene zimakoka shafiti ndi kutopetsa bering'i ndi siilu. Anachisiya kuti chizisewera pafupifupi masentimita awiri pakati pake, nati muyezo weniweni umalembedwa m'kabuku ka njinga iliyonse.

Pomaliza anatulutsa oyilo yense wakale, anaika washala yatsopano pa bawuti ija n'kuimanga mongokwanira, nathira oyilo wa 20W-50 wopangira njinga zamoto. Anati oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri amene amachititsa kilatchi ya njinga kuterereka, popeza kilatchiyo imakhala yomira m'oyilomo. Pabotolo la woyenera pamalembedwa JASO MA. Tayala tinalitsuka ndi sopo katatu. Anatsekulanso buleki ya kumbuyo kuti aone ngati oyilo anafika pa mashuzi, chifukwa akanyowa ndi oyilo satsukika, amafunika atsopano. Athu anali ouma. Oyilo wakuda uja anamuthira m'chigubu, nandiuza kuti asatayidwe pafupi ndi chitsime. Inu a kunyanja mukudziwa bwino chimene oyilo amachita pamadzi.

Tinawazanso choko, ndinayenda mpaka kutsinde kwa phiri la Kasungu n'kubwerera, ndipo injini inali yoyera monga ndinanyamukira. Siilu, washala, oyilo ndi ntchito ya madala aja, zonse pamodzi, sizinafike pa ndalama zimene ndinawononga pogula oyilo wothira mobisa mwezi uja.

Komiti inakumana itapita Idi. Ndinaimirira pamaso pa makolo a ana amene ndimawaphunzitsa kusunga amana, n'kunena kuti ine ndalephera kusunga yanga. Sizinali zophweka. Mayi wina wachikulire anati chimene chawapweteka si fodya, pakuti kuthandiza mnansi mvula ikubwera aliyense akanamvetsa ndikanapempha, koma kubisa. Anagamula kuti ndalama zokonzetsera ndibweze ndekha pang'onopang'ono, kuti pakhale kabuku kolembamo tsiku lililonse losintha oyilo ndi makilomita ake, ndiponso kuti mwezi uliwonse aziika padera kandalama kokonzetsera njinga kuti mwalimu asamaope kunena. Anagulanso chipewa chachiwiri, chaching'ono.

Ndalemba izi podziwa kuti ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Makanjira mabanja ambiri tsopano akudya kuchokera pa njinga za kabaza. Anyamata ambiri akuyendetsa njinga za eni ake, ndipo ndikudziwa mantha amene amagwira munthu akaona dontho pansi pa chinthu chimene si chake. Achimwene anga, dontholo linene tsiku lomwelo. Musalole munthu kumasula injini kapena kupaka gamu asanaitsuke ndi kukuonetsani ndi chala pamene oyilo akutulukira. M'mawa uliwonse musanalize injini, yang'anani pansi pamene njinga inagona, yezani oyilo, ndipo yendetsani chala m'mbali mwa tayala la kumbuyo. Chala chikabwerako chonona, tsiku limenelo njinga isanyamule munthu. Inunso amayi ndi abambo okwera kabaza ndi ana, palibe cholakwika kuyang'ana tayala musanakwere.

Mwana wanga anachira, kwatsala kachipsera pachigongono. Masiku ano ndiye amene amasesa pakhonde, ndipo m'mawa uliwonse ndisanatuluke amagwada, kusuzumira pansi pa njinga n'kundiuza kuti, "Ababa, lero pouma." Chingwe chija ndinachisunga m'kabotolo pa shelefu ya mabuku a madrasa. Ana akandifunsa kuti n'chachiyani, ndimawauza nkhani yonse, osasiyako mbali yanga.

Wasalamu alaikum.